MWANABERE NDI ULENDO WA ASILIKALI A M'MAGAZI

Chilonda chikakhala kuphazi, kawirikawiri mwanabere amatuluka m'mphechepeche. Chikakhala kudzanja, amatulukira m'khwapa. Zimenezi n'zodziwika kwa aliyense, koma ndi anthu owerengeka amene amadziwa chimene chimachitika m'kati mwa kachotupako.

Anabere sachita kubwera ndi matenda ai. Munthu amabadwa nawo, ndipo alipo mazana angapo, ambiri mwa iwo aang'ono ngati nyemba kapena kucheperapo. Ng'ombe, mbuzi, nkhosa ndi makoswe zilinso nawo. Ntchito yawo ndi kusefa timadzi totchedwa limfu, timene timachucha kuchokera m'timitsempha ta magazi ndi kumayenda m'minofu. M'katimo mumakhala gulu lina la asilikali a m'magazi, ndiwo maselo oyera otchedwa malimfosaiti.

Kale akatswiri anali ozunguzika. Tsiku lililonse malimfosaiti ochuluka zedi amathiridwa m'magazi, komabe chiwerengero chawo m'magazimo sichikwera. Nanga amapita kuti? Ambiri ankayesa kuti amafa msanga. Yankho analipeza ndi James Gowans wa ku Oxford, m'dziko la England, mu 1959. Iye analowetsa kapaipi mu mtsempha waukulu wa limfu wa khoswe ndi kumakhetsa limfuyo. Patapita masiku ochepa, malimfosaiti otuluka anachepa kwambiri. Koma pamene ankawabwezera m'magazi a khoswe yemweyo, sanachepe. Ndipo atawaika chizindikiro, anawaona akutulukanso m'kapaipi muja. Anali omwe aja! Mu 1964, iye ndi mnzake wina dzina lake Knight anapezanso khomo lolowera: timitsempha ta magazi tapadera tokhala m'kati mwenimweni mwa mwanabere.

Ulendo wake uli motere. Msilikali amachoka m'magazi podzipanikiza m'khoma la kamtsempha kaja, nakhala mu mwanabere kwa maola angapo akufunafuna mdani. Akapanda kumupeza amatuluka ndi limfu, nalowa mu mtsempha waukulu umene umakwera kudzera m'chifuwa ndi kukathira m'magazi m'munsi mwa khosi, chakumanzere. Akatero ayambiranso. Chifukwa cha kuyendayendaku n'chakuti msilikali aliyense amazindikira mtundu umodzi wokha wa mdani. Akanamangokhala malo amodzi, kachilombo kolowera pachala cha kuphazi sikakanakumana ndi amene amakadziwa.

M'zaka za m'ma 1960, Joe Hall ndi Bede Morris, pofufuza pa nkhosa ku Canberra m'dziko la Australia, anaona kuti mdani akangofika mu mwanabere, asilikali otuluka amachepa kwa maola angapo, ngati kuti khomo lotulukira latsekedwa. Pakali pano ena akulowabe, ndipo amene azindikira mdaniyo amaswana mochuluka. Kutupa ndi kupweteka kuja kumachokera pamenepa.

Motero mwanabere wobwera ndi chilonda, zilonda za kukhosi kapena dzino lobvunda si nthenda payekha. Kumutemera mphini, kumufinya kapena kumuboola n'kulakwitsa kwakukulu, pakuti kumangotsegulira tizilombo tina njira. Chofunika kuchizidwa ndi chilondacho; chikapola, mwanabere amaphwa yekha pang'onopang'ono.

Amene ayenera kudetsa nkhawa ndi mwanabere wopanda chilonda pafupi, wolimba, wosapweteka, amene akukulirakulira kapena watha masabata atatu osaphwa. Zimenezi zimaoneka pa chifuwa chachikulu cha m'anabere, makamaka m'khosi, mmene anabere amagwirana n'kukhala chibuma, mwina n'kuphulika ndi kumatuluka mafinya. Zimaonekanso pa HIV, pamene anabere amatupa malo angapo nthawi imodzi, ndiponso pa khansa. Kusapwetekako ndiko kumanamiza anthu ambiri kuti achedwe. Munthu wotere, makamaka ngati akuonda, kutentha thupi kapena kutuluka thukuta usiku, apite kuchipatala akapimidwe. Chifuwa chachikulu chimachizika, ndipo mankhwala ake amamwedwa kwa miyezi 6 osadumphitsa.

Ndi chifukwa chomwechi woyeza nyama, ng'ombe ikaphedwa, amacheka anabere a kumutu ndi a m'mapapo. Akapezamo zinthu zachikasu zonga mafinya ouma, amakayikira chifuwa chachikulu cha ng'ombe, chimene chimagwiranso anthu, makamaka omwa mkaka wosawiritsa.