Mphunzitsi wa kusekondale akafuna digiri yachiwiri: zoyenera ndi zosayenera

Masiku ano si zachilendo kupeza mphunzitsi wa kusekondale amene akuchita masitazi, kapena amene ali kalikiliki kusonkhanitsa mapepala ofunsira malo. Ine zimenezi zimandisangalatsa. Koma aphunzitsi anzanga, tisaiwale kuti mukanyamula chikwama kupita ku Zomba kapena ku Mzuzu, kumbuyo mumasiya ana amene mayeso awo sadikira kuti mubwere.

Pa cholinga

Choyenera: Dzifunseni moona mtima chimene mukuchifuna. Amene mumakonda choko ndipo mukufuna kuzama pa masamu kapena Chichewa, sankhani maphunziro a phunziro lanulo ndi kaphunzitsidwe kake. Ofuna uhedi kapena ntchito ya ku divisheni ayang'ane za utsogoleri ndi kayendetsedwe ka sukulu. Ngati mtima wanu uli ku MIE ku Domasi kumene amakonza silabasi, kapena ku MANEB, kapena pa kuphunzitsa aphunzitsi ku Domasi ndi ku Nalikule, kulinso maphunziro oyenerana nazo.

Chosayenera: Musalowe poganiza kuti pepala likangotuluka, malipiro akwera mwezi womwewo. M'boma giredi imayendera udindo. Malo amayamba apezeka, a Teaching Service Commission n'kulengeza, anthu n'kukayesedwa. Digiri yachiwiri imakupatsani mphamvu pa mpikisanowo, koma siyikukwezani yokha. Amene sanadziwe izi amabwerera kusukulu atakhumudwa, ndipo mkwiyo wawo amauphwetsera pa ana osalakwa.

Pa kusankha sukulu

Choyenera: Musanapereke ndi tambala yomwe, fufuzani ku National Council for Higher Education, bungwe lomwe linakhazikitsidwa ndi lamulo la 2011, ngati sukuluyo ndi yovomerezeka. Funsaninso za maphunziro enieniwo, chifukwa sukulu itha kukhala yolembetsedwa koma pulogalamu imene mukufunayo isanavomerezedwe. Mapepala ochokera kunja nawonso amakaunikidwa komweko.

Chosayenera: Musakopeke ndi zolengeza za pa Facebook ndi WhatsApp zolonjeza masitazi ya miyezi yowerengeka, yopanda mayeso, yopanda kafukufuku. Safunsa anadya phula. Musadumphenso sitepe: wa dipuloma ayambe watenga digiri yoyamba, ndipo amene digiri yake si ya uphunzitsi aganizire kaye za satifiketi ya UCE.

Pa ana amene mukuwasiya

Apa ndi pamene pagona nkhani.

Choyenera: Pemphani tchuthi chokaphunzira mwa dongosolo, kalata idzere kwa ahedi, ipite ku divisheni mpaka ku unduna, ndipo yankho mukhale nalo m'manja lolembedwa. Ngati mukuphunzira muli pantchito, monga amachitira a maphunziro a patali kapena opita kusukulu masabata ochepa n'kubwerera, khalani pansi ndi ahedi ndi akulu a dipatimenti teremu isanayambe. Auzeni masiku amene mudzachoke, mugwirizane amene adzagwire makalasi anu, muonenso mitu imene mungaiphunzitsiretu. Ngati n'kotheka, chaka chimene mukulemba kafukufuku pemphani kuti musapatsidwe Fomu 4. Kuteroko si ulesi, ndi chilungamo kwa ana.

Chosayenera: Musamazembe n'kusiyira mwana mmodzi kope kuti azilembera anzake manotsi pa bolodi. M'masukulu ambiri a CDSS mphunzitsi wa fizikisi kapena kemisitiri amakhala mmodzi yekha. Iye akasowa masabata atatu, phunzirolo laima sukulu yonse. Mwana wa kumudzi amene makolo ake agulitsa mbuzi kuti amupezere zofunika kusukulu alibe ndalama ya patitaimu, ndipo akalephera MSCE, kawirikawiri sukulu yake imathera pomwepo. Inu masitazi mutha kuichedwetsa ndi chaka chimodzi osataya kanthu. Iye mwayi wotero alibe.

Pa ndalama

Choyenera: Werengerani zonse, osati fizi yokha: thiransipoti, malo ogona, mabando a intaneti, laputopu, kusindikiza, maulendo a kafukufuku. Ikani ndalama ina yapadera, makamaka ngati fizi ndi ya m'madola kapena m'marandi. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, olipira sukulu zakunja anadzuka fizi yawo itakwera kwambiri. Yesaninso mwayi wa thandizo: Chevening ndi Commonwealth za ku Britain, Fulbright ya ku America, Canon Collins yopita ku South Africa. Chevening imafuna munthu amene wagwirapo ntchito zaka ziwiri, ndipo akamaliza abwerere kwawo kwa zaka zina ziwiri. Mphunzitsi wa kumudzi asadziderere, pakuti zimene waona m'kalasi ndi umboni wamphamvu pa kalata yofunsira.

Chosayenera: Katapila ayi. Musabisirenso akunyumba kwanu kukula kwa ngongole imene mukutenga ku SACCO kapena ku banki, chifukwa amene adzaone ndiwo zitachepa m'mbale ndi iwowo.

Pa kafukufuku

Choyenera: Mutu uchokere m'kalasi mwanu. N'chifukwa chiyani ana amene amakhoza bwino ku Sitandade 8 amayamba kufooka ku Fomu 1? Sayansi ingaphunzitsidwe bwanji pa sukulu yopanda labu? Nchiyani chimathandiza mtsikana amene wabwerera kusukulu atabereka kuti amalize? Mafunso otere inuyo mumawadziwa kuposa pulofesa aliyense. Tengani chilolezo ku komiti yoona za kafukufuku ya pa yunivesite yanu, ndipo poti ophunzira ambiri sanakwane zaka 18, makolo avomereze kaye. Mwana akakana kuyankha, ndi ufulu wake, ngakhale muli aphunzitsi ake.

Chosayenera: Musagule kafukufuku wolembedwa kale, musakopere ntchito ya wina, musapeke manambala muli khale m'nyumba. Ndinu omwe mumalanda likasa m'chipinda cha mayeso. Musathawenso supavaiza akakubwezerani chaputala chitafiira ndi inki. Ambiri amamaliza bwino maphunziro a m'kalasi, koma n'kukakamira zaka pa kafukufuku chifukwa chosiya kuyankha foni.

Mukabwerako

Choyenera: Zimene mwapeza kafotokozereni anzanu a pa sukulu ndi a m'kalasita, m'chilankhulo chomveka. Mlimbikitseni mnzanu wa dipuloma, mubwerekeni mabuku, muthandizeni kulemba kalata.

Chosayenera: Musayambe kukana Fomu 1 kapena kunyoza ahedi poti mwawaposa mapepala. Ngati mwayi wa ntchito ina wapezeka, palibe cholakwa kupita, koma kwaniritsani zimene munasainira potenga tchuthi, mutsanzike bwino, ndipo kalasi ya mayeso musaisiye pakati pa chaka.

Aphunzitsi, pitani mukaphunzire, dziko likufuna aphunzitsi ozama. Koma musanagule tikiti ya basi, onetsetsani kuti mukudziwa dzina la munthu amene adzaime kutsogolo kwa ana anu Lolemba m'mawa.