Zimene muvi wa geji umanena pa pulesi

Pulesi ya jeke ndi chida chodziwika kwa amakaniko ndi owotcherera a mu Mzuzu, kuyambira ku Luwinga mpaka ku Chibavi. Ili ndi felemu yachitsulo, jeke ya oyilo, handulo yopopera ndi geji. Imatulutsa mabeling'i ndi mabushi, imapinda zitsulo, ndipo ikamangiridwa panchi imaboola mabowo ndi kudula mawasha. Zofala ndi za matani 12, 20 ndi 30.

Zovuta zimayambira pa geji. M'malo ena galasi lake linasweka kalekale, muvi unagona pansi, koma ntchito ikupitirira. Chitsulo chikakana kubooka, mnyamata wa ntchito amatola paipi yaitali n'kuisomeka ku handulo, anzake awiri n'kudzalendewerapo. Eni malo amati ndi changu chimenecho. Paipi imangopatsa munthu mphamvu yokankhira jeke kupitirira mlingo wake. Malabala otsekera oyilo amaphulika, mapini ogwira tebulo la pulesi amakhota, felemu imang'aluka mowotcherera, ndipo panchi yolimba ikathyoka, zidutswa zake zimaulukira kumaso. Pulesi ikayamba kufuna paipi, penapake palakwika kale, ndipo geji yamoyo ikanasonyeza zimenezi.

Mphamvu yofunika imawerengeka. Kuboola bowo la mamilimita 20 pa chitsulo wamba chochindikala mamilimita 3 kumafuna matani pafupifupi 7. Chitsulo chikachindikala kawiri, mphamvu nayo imawirikiza kawiri. Masipuling'i a galimoto, amene amisiri amawakonda posula nkhwangwa, ndi olimba kwambiri moti sayenera kuyandikira panchi wamba. Bowo lochepa kuposa kuchindikala kwa chitsulocho ndi ntchito ya dirilo.

Njira yabwino ndi yosavuta modabwitsa. Panchi ikadali yakuthwa, mmisiri aboole zidutswa zingapo, aone pamene muvi ukufika chitsulo chisanati phwa, alembe m'kope kapena aike chizindikiro pagalasi. Kuchokera tsikulo pulesi imadziulula yokha! Muvi ukamakwera pang'onopang'ono pa ntchito yomweyo, ndipo m'mphepete mwa bowo mukutsala timinga, panchi yabuntha kapena yauma yosapakidwa oyilo. Ukalumpha mwadzidzidzi, mwina zitsulo zalowa ziwiri, zotsalira zatseka bowo la pansi lomwe panchi imalowamo, kapena panchi yapendekeka. Ukamatsika wokha munthu atasiya kupopa, oyilo akudontha pa malabala kapena pa valavu. Handulo ikamamveka yofewa, m'jeke mwalowa mpweya.

Mafakitale opanga matupi a magalimoto ku South Africa ndi kwina amachita zomwezi ndi masensa omatidwa pa felemu, amene amaimitsa makina mphamvu ikangodutsa malire. Ku Luwinga kope ndi bolopeni zikwanira.

Nyengo ya Mzuzu nayo imalowererapo. M'mawa wa June ndi July oyilo amalimba, jeke n'kumayenda mochedwa, ndipo chinyezi chimadyetsa dzimbiri pisitoni yosiyidwa kunja. Kuthira buleki fuluwidi kapena oyilo wakuda wa injini, monga ena amachitira, kumawononga malabala. Pamafunika oyilo wa jeke.

Mtengo wa geji yatsopano umasiyana malinga ndi sitolo komanso mmene kwacha ikuyendera, choncho ndi bwino kufunsa m'masitolo angapo. Kawirikawiri geji imatsika mtengo kuposa jeke yatsopano. Wogula atenge yakaleyo kuti ayerekeze mazinga ake ndi mlingo wa manambala, chifukwa zina zimalemba matani pamene zina zimalemba bar kapena psi.