Chimbudzi Chakalamba: Timange Chotani M'malo Mwake?

Chaka ndi chaka, mvula ikalimbika m'mapiri a Dowa ndi Ntchisi, zimbudzi zambiri zimagwa. Banja limene chimbudzi chake chagwa mu Januwale limasowa mpata wokumba china pakuti ntchito ya kumunda imakhala itakula, motero anthu amayambanso kudzithandiza kutchire. Madzi a mvula amakokolola zonyansazo n'kukazithira kudambo ndi m'zitsime. Umu ndi momwe kolera, kamwazi ndi njoka za m'mimba zimafalira. Tisaiwale kuti mliri wa kolera wa mu 2022 ndi 2023 unapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno. Choncho tisadikire kuti chimbudzi chigwe. Tichiyang'ane, tidziwe mtundu wake ndi chimene chikuchiwononga, ndipo tisankhe china choyenera malo athu.

Mitundu inayi ya zimbudzi za kumudzi

1. Cha mitengo ndi dothi. Pakamwa pa dzenje amayalapo mitengo n'kumata dothi. N'chosafuna ndalama, koma chiswe ndi chinyezi zimadya mitengoyo mobisika.

2. Cha silabu ya simenti. Silabu yaing'ono yotchedwa SanPlat ndi ya mbali zinayi, masentimita 60 mbali iliyonse. Ili ndi popondapo mapazi ndi chivindikiro chothina bwino, ndipo imakhazikidwa pamwamba pa mitengo. Inakonzedwa ndi Björn Brandberg, amene anagwira ntchito ku Mozambique ndi kuno ku Malawi, ndipo inayamba kufala m'zaka za m'ma 1980. Ilipo silabu inanso yaikulu, yozungulira ndi yotukuka pakati, imene imavindikira dzenje lonse popanda mitengo.

3. Cha paipi ya mpweya. Ichi mudzachizindikira ndi paipi yotulukira pamwamba pa denga. Anachikonza Peter Morgan ku Zimbabwe m'zaka za m'ma 1970. Fungo limakwera m'paipimo, ndipo ntchentche zotsata kuwala zimakodwa pa sefa ya kukamwa kwa paipi n'kufera momwemo.

4. Cha manyowa. Dzenje lake n'losazama, ndipo munthu akatha kudzithandiza amathiramo phulusa ndi dothi.

Chavuta n'chiyani?

Chimbudzi chili ndi zigawo zitatu: dzenje, poponda ndi kanyumba. Yang'anani chigawo chilichonse pachokha. Ngati zonyansa zatsala theka la mita kuti zifike pamwamba, dzenje ladzaza. Ngati poponda pakunyenya kapena pachita ming'alu, mitengo yawola, ndipo mwana kapena nkhalamba ikhoza kugweramo. Ngati nthaka ya m'mbali ikutitimira, makoma a dzenje akugumuka. Koma ngati vuto ndi denga lodontha, chivindikiro chotayika kapena sefa yong'ambika, palibe chifukwa chokumbira china. Konzani chomwecho lero lomwe.

Silabu ya simenti yopanda mng'alu musaitaye. Itsukeni ndi kuisamutsira pa dzenje latsopano, pakuti imatha kutumikira maenje angapo.

Sankhani molingana ndi nthaka yanu

Pa dothi lofiira lolimba la katondo, dzenje lozungulira lakuya mamita atatu limakhalitsa. Dzenje lozungulira siligumuka msanga ngati la mbali zinayi. Pamenepa silabu ya simenti ndi yabwino, makamaka yozungulira ija, popeza mitengo yolimba ikusowa ndipo ya m'nkhalango ya Ntchisi ndi yotetezedwa ndi lamulo.

Pa dothi lamchenga kapena lofewa, dzenje limafuna kumangira njerwa m'kati. Kumunsi siyani timipata pakati pa njerwazo kuti madzi azilowa m'nthaka, koma kumtunda mangani mothina.

Pa malo amiyala, pamene khasu ndi piki zimalephera kupita pansi, kapena kufupi ndi dambo pamene madzi ali pafupi, musalimbane ndi dzenje lakuya. Sankhani chimbudzi cha manyowa. Kumbani dzenje la mita imodzi, ndipo likatsala pang'ono kudzaza samutsani silabu ndi kanyumba, kwirirani ndi dothi lambiri, n'kubzalapo nthochi, papaya kapena mtengo wina. Ena amakumba maenje awiri n'kumawagwiritsa ntchito mosinthanitsa. Lodzazalo alisiye lokwiriridwa kwa chaka chathunthu asanafukule manyowa ake.

Pa banja lalikulu, kapena pa malo pamene pamafika anthu ambiri monga tchalitchi ndi sukulu, cha paipi ndicho choyenera ngati ndalama zilipo. Paipi ipitirire denga ndi theka la mita, m'kati mukhale mwamdima pang'ono, ndipo bowo lake lisavindikiridwe kuti mpweya uziyenda. Zimbudzi zina zonse zimafuna chivindikiro nthawi zonse.

Malamulo a pa malo otsetsereka

Chimbudzi chikhale kumunsi kwa chitsime kapena mjigo, osati kumtunda kwake, ndipo chitalikirane nacho mamita osachepera 30. Kwezani poponda kuti pakhale pamwamba kuposa nthaka yozungulira. Kumtunda kwa kanyumba kumbani ngalande yopatutsa madzi a mvula, ndipo denga lifoleredwe bwino ndi kutulukira kunja kwa makoma. Madzi olowa m'dzenje ndiwo amagwetsa zimbudzi zambiri za m'mapiri.

Dzenje lakale likwirireni ndithu, lisasiyidwe kukamwa pamene ana amasewera.

Nthawi yabwino ya ntchito imeneyi ndi chilimwe, mutatha kukolola, nthaka ili youma ndipo udzu wofolera ulipo. Pamene mwabwera kusikelo kapena kudzalandira mankhwala, funsani mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu kuti adzaone nthaka yanu ndi kukuuzani kumene kuli amisiri oumba masilabu. Pomaliza, ikani mpondagiya ndi sopo kapena phulusa pakhomo pa chimbudzi, kuti aliyense wotulukamo asambe m'manja asanagwire chakudya kapena mwana.