Phunziro 14: Kalonga Muzura, Mfumu ya Amaravi

Kuno ku Mecanhelas tikafuna kudziwa mtundu wa munthu, timafunsa za mayi wake. Mfumu ya mudzi ikamwalira, kawirikawiri wolowa ufumu amakhala mwana wa mlongo wake. Mwambo umenewu ndi wakale. Unkatsatidwanso ndi mafumu akulu a Amaravi, makolo a Achewa, Amang'anja ndi Anyanja a m'mbali mwa nyanja za Chirwa ndi Chiuta. Lero tiwerenga za mmodzi wa mafumuwo. Dzina lake ndi Muzura. Iye analamulira zaka 400 zapitazo.

Banja la mfumu

Mfumu yaikulu ya Amaravi inkatchedwa Kalonga. Kalonga aliyense ankachokera ku mfunda wa Aphiri. Koma iye sankalamulira yekha. Pambali pake panali amayi awiri aulemu.

Woyamba anali Nyangu, mayi kapena mlongo wa mfumu. Mafumu onse ankabadwa ku bere lake. Mwana wobereka Kalonga mwini sankalowa ufumu ayi, chifukwa mwanayo anali wa mtundu wa mayi wake.

Wachiwiri anali Mwali, mkazi wamkulu wa mfumu. Iye ankachokera ku mfunda wa Abanda. Abanda ndiwo ankasunga akachisi ndi kupempha mvula. Motero Aphiri anagwira ufumu, Abanda anagwira za nthaka ndi mvula, ndipo ukwati unawamanga pamodzi.

M'maiko ena zinali zosiyana. Ku France ufumu unkachoka kwa bambo kupita kwa mwana wake wamwamuna. Louis IX analowa ufumu wa bambo wake m'chaka cha 1226 ali ndi zaka 12 zokha, ndipo mayi wake, Blanche, anamugwirira dziko mpaka atakula. Kumeneko mayi anathandiza chifukwa mwana anali wamng'ono. Kwa Amaravi, ufumu weniweniwo unkadzera mwa mayi.

Chuma cha dziko

Likulu la ma Kalonga linali ku Mankhamba, pafupi ndi Mtakataka, m'dziko limene lero ndi Malawi. Anthu ankalima mapira. Ankasula makasu ndi nkhwangwa. Ankaomba nsalu za thonje zotchedwa machira. Alenje akapha njovu, mnyanga umodzi unkapita kwa mfumu. Minyangayo ankasinthanitsa ndi nsalu ndi mikanda ya amalonda ochokera kunyanja yamchere. Akatswiri amene anakumba pansi ku Mankhamba anapeza mikanda yagalasi ndi zidutswa za mbale zochokera ku China. Izi zitionetsa kuti makolo athu ankachita malonda ndi maiko akutali.

Dziko linali lalikulu, choncho abale a Kalonga anagawana madera. Undi anakakhala kumadzulo, kumpoto kwa Tete. Lundu anakhala kumunsi kwa mtsinje wa Shire. Onsewa anali Aphiri, a banja limodzi.

Muzura ndi Apwitikizi

Pa nthawi ya Muzura, Apwitikizi anali atakhazikika kale ku Sena ndi ku Tete. Iwo ankafuna golide, siliva ndi minyanga. Poyamba Muzura anapalana nawo ubwenzi. M'chaka cha 1608 anawatumizira ankhondo 4,000 kuti akathandize Gatsi Rusere, mfumu ya Mwene Mutapa, kutsidya la Zambezi.

M'chaka cha 1616 Mpwitikizi wina, Gaspar Bocarro, ananyamuka ku Tete pa ulendo wopita ku Kilwa. Iye anafika pa mudzi wa Muzura napereka nsalu ndi mikanda. Mfumu inamulandira bwino, inamupatsa chakudya ndi anthu omuperekeza. Bocarro anawoloka Shire, nadutsa m'dziko limene lero ndi Niassa, nawolokanso Rovuma. Mbiri ya ulendo wakewo inalembedwa, ndipo ilipo mpaka lero.

Koma m'banja la Aphiri munali mkangano. Lundu anali atakula mphamvu. Iye ankagwira njira ya malonda ya ku Shire ndi Zambezi, ndipo sankafunanso kugonjera wina. Muzura anapempha thandizo kwa Apwitikizi. M'chaka cha 1622 iwo pamodzi anagonjetsa Lundu. Kuyambira pamenepo Muzura anakhala mfumu yamphamvu koposa kumpoto kwa Zambezi, ndipo dzina la Amaravi linamveka mpaka kugombe la nyanja yamchere.

Ubwenzi utha

Akulu amati mlendo ndi mame. Ubwenzi wa Muzura ndi Apwitikizi sunakhalitse. Gatsi Rusere atamwalira m'chaka cha 1623, Muzura anawolotsa ankhondo ake Zambezi kuti atenge dziko la golide. Apwitikizi ankalifunanso dzikolo, ndipo Muzura anabwezedwa.

M'chaka cha 1631 Kapararidze, wa ku banja la Mwene Mutapa, anaukira Apwitikizi. Muzura anagwirizana naye, ndipo ankhondo a Amaravi anazinga Quelimane. Koma m'chaka cha 1632 kunabwera asilikali ena a mfuti kuchokera ku chilumba cha Mozambique, motsogozedwa ndi Diogo de Sousa de Meneses. Ankhondo a Muzura anagonja. Anthu omwe aja anamuthandiza kugonjetsa mbale wake ndiwo anamugonjetsa iye patangopita zaka 10.

Muzura sanataye dziko lake. Ufumu wa Amaravi unakhalabe wamphamvu zaka zambiri iye atapita. Koma pang'onopang'ono mafumu a m'madera anayamba kudzigulitsira okha minyanga osadzera kwa Kalonga. Aliyense anafuna zake. Pamene nkhondo za Angoni ndi za ogula akapolo zinafika m'zaka za m'ma 1800, panalibenso mfumu imodzi yosonkhanitsa anthu. Kalonga wotsiriza wa mzere wa ku Mankhamba, Sosola, anaphedwa m'zaka za m'ma 1860.

Dzina la Kalonga silinafe. Lero lili ndi banja la Undi. Kalonga Gawa Undi amakhala ku Mkaika, m'boma la Katete ku Zambia. Mwezi wa Ogasiti mafumu a Achewa a ku Mozambique, Malawi ndi Zambia amasonkhana kumeneko pa mwambo wa Kulamba.

Chibale ndi fupa, sichiwola. Pa midzi yathu timakangana za malire a minda ndi za wolowa ufumu. Nkhani ya Muzura itikumbutse kuti woitana wakunja kuti amenye mbale wake, mawa amakumana naye yekha.

Mawu oti tilembe

Kalonga, Nyangu, Mwali, mfunda, mnyanga, machira

Mafunso

1. Kodi Nyangu anali yani, nanga Mwali anali yani?
2. Chifukwa chiyani mwana wobereka Kalonga sankalowa ufumu?
3. Chinachitika n'chiyani m'chaka cha 1622? Nanga m'chaka cha 1632?
4. Kuchokera mu 1608 kufika mu 1632 ndi zaka zingati?

Ntchito ya kunyumba

Tifunse akuluakulu maina a mafumu amene analamulira mudzi wathu, kuyambira woyamba. Tifunsenso maina a amayi awo. Tilembe mainawo m'kope mwathu, ndipo tidzawawerenge pamaso pa anzathu pa phunziro lotsatira.