N'CHIFUKWA CHIYANI NYIMBO ZA PA FONI ZIMAMVEKA NGATI ZILI M'CHITINI?

Anzanga, mwezi watha achimwene anga atagulitsa usipa anapita pa Kamuzu Road n'kugula kachingwe kakafupi kolumikiza foni ndi mahedifoni. Wogulitsa anawauza kuti nyimbo zizimveka ngati uli pa Sand Music Festival ku Senga Bay. Atafika kunyumba analumikiza, n'kuyika Black Missionaries. Ayi ndithu, palibe chinasintha. Anakwiya kuti awabera, mpaka kachingweko anafuna kukaponya m'nyanja. Ine ndinawapempha kuti andibwereke kaye. Ndafunsa aphunzitsi a Physics, ndawerenganso pa intaneti, ndipo zomwe ndapeza ndi izi. Werengani musanawononge ndalama zanu.

Nyimbo imakhala bwanji mu foni?

Mawu ndi kunjenjemera kwa mpweya. Ukagunda ng'oma, chikopa chimanjenjemera, mpweya nawo n'kunjenjemera mpaka kufika m'khutu. Koma foni siingasunge mpweya, imasunga manambala basi. Pojambula nyimbo, makina amayeza mawuwo kambirimbiri n'kumalemba nambala. Pa CD, imene makampani a Sony ndi Philips anatulutsa mu 1982, amayeza ka 44,100 pa sekondi imodzi.

Ndiye kuti timve nyimbo, manambala aja ayenera kusanduka magetsi ogwedeza sipika. Kachipangizo kogwira ntchito imeneyi dzina lake pa Chingerezi ndi digital-to-analogue converter, mwachidule DAC. Foni iliyonse ili nako m'kati, ngakhale ya mabatani ija. Kachingwe ka achimwene kali ndi DAC yakeyake, ndiye ukakalumikiza, foni imangotumiza manambala ndipo ntchito yomasulira imachitikira kunja. Tizingwe totere tinachuluka kuyambira mu 2016 pamene Apple inachotsa bowo la mahedifoni pa iPhone 7, makampani ena n'kutsatira.

Nanga vuto linali pati?

Nyimbo isanafike m'khutu imadutsa malo anayi: fayilo, pulogalamu yoyimbira, DAC ndi mahedifoni. Pamodzi pakalakwika, zonse zalakwika. Kwa achimwene vuto linali poyambirira penipeni, pa fayilo.

Nyimbo ya mphindi 4 yosapanikiza, ngati ya pa CD, imadya pafupifupi 40 MB. Kuti ichepe, akatswiri makamaka a ku Fraunhofer ku Germany anakonza MP3, imene imataya tizigawo ta mawu tomwe khutu silimva kwenikweni. MP3 ya 320 kbps imadya pafupifupi 10 MB, ndipo ya 128 kbps imadya 4 MB. Kumalo kobenera nyimbo timafuna nyimbo zambiri pa memori yaying'ono, ndiye nthawi zambiri timatenga zopanikizidwa kwambiri. Nditayang'ana memori ya achimwene ndinapeza nyimbo ya mphindi 4 ili ndi 2 MB yokha, kutanthauza 64 kbps. Mpake gitala ankamveka ngati malata pa mphepo ya mwera.

Palinso mtundu wina wa fayilo wotchedwa FLAC, umene unayamba mu 2001. Umenewu umachepetsa fayilo osataya kanthu, koma nyimbo imodzi imatha kudya 25 MB. Chenjezo: musapusitsidwe ndi munthu woti asandutsa MP3 yoipa kukhala FLAC. Usipa ukauma wauma, ngakhale muuviike m'madzi tsiku lonse subwerera kukhala wauwisi. Zomwe zinatayidwa zinapita basi.

Za mapulogalamu

Pa Play Store pali mapulogalamu ambiri oyimbira nyimbo. VLC ndi yaulere, ilibe zotsatsa malonda, ndipo imayimba MP3 ndi FLAC yomwe popanda intaneti. Poweramp ndi yogula ukamaliza masiku oyeserera. USB Audio Player PRO ndi yogulanso, ndipo inapangidwira eni ma DAC akunja, chifukwa imatha kutumiza manambala molunjika ku DAC osasinthidwa ndi Android. Kwa ife ana a sukulu yoyendera, VLC ndi yokwana. Pulogalamu yodula siingakonze fayilo yowonongeka.

Tinayesa bwanji?

Loweruka tinapeza nyimbo ija ya 320 kbps, n'kubwereka mahedifoni abwino kwa msuweni wanga. Tinayesa mosintha chinthu chimodzi pa nthawi, monga timachitira mu labu. Titasintha fayilo, kusiyana kunamveka nthawi yomweyo. Titasintha mahedifoni, besi inabwera bwinobwino. Pomaliza tinalumikiza kachingwe kaja: kaphokoso ka "sssss" kamene kamamveka nyimbo ikakhala chete kanatha, koma kusintha kwake kunali kochepa poyerekeza ndi ziwiri zoyambazo. Achimwene anangoti, "Ndiye ndinayamba kugula denga nyumba ilibe maziko eti?" Koma sanakaponyenso m'nyanja.

Musanagule kumbukirani izi

1. Yang'anani kukula kwa fayilo. Gawani ma MB ndi mphindi za nyimboyo. Yankho likakhala lochepera 1, fayiloyo ndi yopanikizidwa kwambiri.
2. Mukamatumiza nyimbo pa WhatsApp, itumizeni ngati document kuti ifike mmene ilili. Kujambula nyimbo kuchokera pa sipika ya mnzanu ndiye kuwononga kwenikweni.
3. Ndalama ikapezeka, yambani ndi mahedifoni abwino. DAC ibwere pomaliza.
4. Tizingwe tina timafanana maonekedwe koma tilibe DAC m'kati, ndipo si foni iliyonse imene imalola. Yesani pa foni yanu musanalipire. Foni ya bowo lakale lija la micro-USB imafunika ikhale ndi OTG.
5. DAC yakunja imadya batire la foni. Ife amene timalipira potchajitsa tiziganizire zimenezo.
6. Mahedifoni a Bluetooth ali ndi DAC yawo m'kati, ndiye kachingweka sikangawathandize.

Chofunika kuposa zonse

Pali gawo lachisanu limene silipezeka pa msika uliwonse: khutu lanu. Bungwe la WHO likuti achinyamata oposa 1 biliyoni ali pa chiopsezo choti makutu awo awonongeke chifukwa chomvera mokweza, ndipo limalangiza kuti voliyumu isapitirire 60 peresenti. Timaselo ta m'kati mwa khutu tikafa sitimeranso. Ndimaona ena pano akuyenda pamsewu kuchokera kusukulu, mahedifoni ali phokoso moti ngakhale belu la kabaza sakulimva. Ngati mnzako amene wayandikana naye akumva nyimbo yako, kapena khutu likulira "tiii" ukavula, watsegula mopyola.

Funso la sabata ino

Memori ya 4 GB ndi pafupifupi 4,000 MB. Kodi ingalowe nyimbo zingati za 4 MB, zingati za 10 MB, nanga zingati za 25 MB? Inu mungasankhe ziti, ndipo chifukwa chiyani? Lembani yankho pa kapepala n'kuponya m'bokosi la kalabu yathu pofika Lachisanu. Chonde musang'ambe pepalali, ena sanawerenge.

Wolemba: mnzanu wa Fomu 2