Kuchoka ku Thyolo Kupita kwa Chembe: Malangizo kwa Okagona m'Nyumba Zodziphikira

Mudzi wa Chembe, umene alendo ambiri amaudziwa ndi dzina la Cape Maclear, uli kunsonga kwa dera la mfumu yaikulu Nankumba m'boma la Mangochi, m'mphepete mwa nyanja ya Malawi. Ndi mudzi wa asodzi, ndipo malo ogona alendo anamangidwa m'kati mwa mudziwo, mondondozana ndi mchenga, pakati pa madoko ndi mathandala oyanikapo usipa. Ena mwa malowa amabwereketsa nyumba kapena zipinda zokhala ndi khitchini, kuti alendo aziphika okha. Kuchokera pa boma la Thyolo mtunda wake ndi pafupifupi makilomita 300, ulendo wa maola asanu kapena asanu ndi limodzi pa galimoto yoyendetsa wekha, ndiponso wa tsiku lathunthu pa minibasi.

Kubwereka nyumba yodziphikira si zachilendo ku Thyolo. Pa esiteti ya tiyi ya Satemwa, imene Maclean Kay anayamba mu 1923, pali nyumba ya Chawani imene mabanja amabwereka n'kumaphika okha pakati pa minda ya tiyi. Kusiyana kwake ndi kunyanja n'kwakuti ku Thyolo kumazizira, chakudya chimakhalitsa, ndipo masitolo a ku Limbe ali pafupi. Nyanja ili pamalo otsika, mamita oposa pang'ono 470 kuchokera pamlingo wa nyanja zamchere, kumatentha, ndipo sitolo yaikulu ili kutali. Choncho ulendo wa odziphikira umakonzedwa motsata msewu: chinthu chilichonse chili ndi malo ake ogulira, ndipo amene wadutsa malowo osagula adzachipeza chodula kutsogolo kapena sadzachipeza n'komwe.

Nyumba imasungitsidwa ulendo usanayambe, makamaka pa Khirisimasi, pa Chaka Chatsopano ndi pa Pasaka pamene anthu a ku Blantyre ndi ku Lilongwe amakhamukira kunyanja. Mawu akuti nyumba ili ndi khitchini sakwanira, chifukwa amatanthauza zinthu zosiyanasiyana. Kwina ndi nyumba yonse yokhala ndi firiji, chitofu, mapoto ndi mbale. Kwina ndi chisakasa chophikiramo alendo onse a pamalopo, mbaula imodzi yomaphikapo mosinthana. Wosungitsa malo ayenera kufunsa ngati chitofu chili cha magetsi kapena cha gasi, ngati pali jenereta kapena sola pamene magetsi a ESCOM azima, ngati mayunitsi a magetsi ali m'kati mwa mtengo wa nyumbayo, ngati bedi lililonse lili ndi neti, ndiponso kumene madzi a pampopi amachokera, pakuti malo ambiri amapopa madzi a m'nyanja momwemo. Afunsenso ngati pali poto wamkulu ndi mthiko. Makhitchini ena anakonzedwera alendo a kunja, ndipo banja la anthu asanu ndi atatu likhoza kupezamo timapoto tophikira mazira koma popanda chovundulira nsima. Mu 2024 madzi a m'nyanja anakwera kwambiri n'kulowa m'nyumba zambiri za m'mphepete mwa nyanja ku Mangochi, motero n'kwanzeru kupempha zithunzi zatsopano za nyumbayo ndalama zisanatumizidwe.

Ulendo umayamba m'mamawa. Msewu wa M2 umachoka pa Thyolo kudutsa m'minda ya tiyi n'kufika pa Bvumbwe, ndipo apa ndi poimapo poyamba. Msika wa Bvumbwe ndi umodzi mwa misika imene imadyetsa mzinda wa Blantyre ndiwo zamasamba, ndipo tomato, anyezi, kabichi, karoti, zitheba ndi tsabola wobiriwira zimapezeka zabwino pamtengo umene kunyanja sungamveke. Posankha, kutentha kwa kumene zikupita ndiko kumalamula. Kabichi, anyezi, karoti ndi mbatatesi zimapirira masiku angapo. Mpiru, lepu ndi chainizi zimafota tsiku lomwelo, choncho zigulidwe zongokwanira chakudya cha usiku woyamba. Tomato asankhidwe wosapsetsa, mapeyala ndi nthochi zikhale zosapsa, chifukwa zikafika kumchenga zimapsa mothamanga. Tiyi atengedwe konkuno kumene amalimidwa.

Pa Limbe, makilomita pafupifupi 40 kuchokera pa Thyolo, ndi pogulira za m'sitolo: mafuta ophikira, shuga, mchere, mpunga, mkaka wa ufa, sopo, makandulo, machesi ndi mankhwala othamangitsa udzudzu. Amene ali ndi silinda ya gasi adzazitse pano. Za makala ndi bwino kunena mosabisa: lamulo la nkhalango, limene linakhwimitsidwa mu 2020, limaletsa kunyamula makala opanda chilolezo, ndipo pa malodibuloko a msewu uwu matumba amalandidwa. Mafuta a galimoto nawonso athiridwe odzaza thanki pano kapena pa Zomba, popeza pa nthawi ya kusowa kwa mafuta malo omwetsera a kumidzi ndi amene amayamba kuuma.

Kuchokera pa Limbe woyenda amalowa msewu wa M3, kudutsa pa Njuli, Namadzi ndi Thondwe mpaka pa Zomba, mtunda wa makilomita oposa 60. Kenaka msewu umadutsa pa Domasi, Malosa ndi Machinga n'kutsetsereka mokhotakhota kupita ku Liwonde, ndipo potsetsereka apa m'pamene kutentha kumayamba kumveka. Pa Liwonde msewu umawoloka mtsinje wa Shire pa Kamuzu Barrage, pamene pali zitseko zowongolera madzi opita kumalo opangira magetsi kumunsi kwa mtsinjewo. Pali lodibuloko, motero ziphaso za dalaivala ndi za galimoto zikhale pafupi. Akangowoloka n'kupita pang'ono, woyenda afika pamphambano: msewu wina umapita ku Balaka, ndipo wa ku Mangochi umakhotera kumanja, kulowera kumpoto. Chigawo ichi, cha makilomita pafupifupi 75 kudzera pa Ulongwe, n'chosalala koma chodzaza ndi njinga, mbuzi ndi ana a sukulu, ndipo liwiro silipindula kanthu.

Mangochi, tauni imene inayamba mu 1891 ndi dzina la Fort Johnston, ndi malo omaliza okhala ndi mabanki angapo, chipatala chachikulu cha boma ndi masitolo odalirika. Ndalama za m'manja zitapidwe pano. Kwa Chembe kuli maejenti a Airtel Money ndi TNM Mpamba, koma ejenti wa m'mudzi sakhala ndi ndalama zambiri nthawi zonse, ndipo msodzi wa padoko amafuna ndalama yogwirika, makamaka yosinthasintha. Pano ndi pogulanso madzi akumwa a m'mabotolo akuluakulu, buledi, mazira ndi ayisi wa m'bokosi losungira zozizira. Nyama yogula ku Limbe ikhoza kufika ili bwino ngati inali youma ndi ayisi, koma kunyamula nyama yambiri popita kumudzi wa nsomba n'kudzivutitsa. Pa ulendo uno mlatho wa Bakili Muluzi suwolokedwa: umapita ku Namwera ndi kumalire a Chiponde. Wopita kwa Chembe amatsata msewu wa M10 wolowera ku Monkey Bay, kudutsa malo odziwika a Nkopola ndi Makokola.

Atayenda makilomita pafupifupi 60, atatsala pang'ono kulowa mu Monkey Bay, woyenda amakhotera kumanzere pachikwangwani cha Cape Maclear. Makilomita 18 otsalawo amadutsa m'mapiri a nkhalango yotetezedwa, mokwera ndi motsika, ndipo pamakona ena woyendetsa saona chimene chikubwera kutsogolo. Anyani amakhala pamsewu. Chigawo ichi chiyendedwe dzuwa lisanalowe, ndipo n'chifukwa chake kunyamuka ku Thyolo kumayenera kukhala kwa m'mamawa.

Woyenda pa minibasi amakwera pa Thyolo n'kutsika pa Limbe, kumene amapeza ya ku Mangochi, kenaka ina ya ku Monkey Bay. Chigawo chomaliza chimayendedwa pa matola kapena pa kabaza wa njinga yamoto. Kwa banja lokhala ndi katundu wa kukhitchini, kabaza sathandiza, ndipo ndi bwino kugwirizana ndi mwini nyumba kuti atumize galimoto kudzawatenga pa Monkey Bay. Otere achepetse katundu wa ku Bvumbwe n'kugula zambiri pa Mangochi.

Phindu lenileni la kudziphikira kwa Chembe ndi nsomba. Asodzi a usipa amapita panyanja usiku ndi nyali, wa bwato laling'ono wotchedwa siginala n'kumakopa nsomba ndi kuwala pamene anzake akuzinga ndi khoka la chilimira. Amabwerera m'bandakucha, ndipo nthawi imeneyo ndi yogulira, amalonda asanamalize kukhuthulira nsomba pamathandala. Kupatula usipa kumapezeka utaka, mcheni ndi kampango. Chambo chimapezeka, koma chinachepa m'nyanja ndipo mtengo wake umasonyeza zimenezo. Amene amaumirira chambo tsiku lililonse amawononga ndalama n'kumanidwa mcheni wootcha, umene suchepera pa kukoma. Nsomba yabwino imakhala ya maso owala ndi mnofu wolimba ukaidina ndi chala. Anyamata a padoko amapala mamba ndi kutumbula pamtengo wochepa umene ukambidwe ntchito isanayambe. Magetsi akakhala osadalirika, nsomba igulidwe ya tsiku limodzi, ndipo yotsala iwambidwe kapena ikazingidwe tsiku lomwelo.

Nsomba sizipezeka mofanana masiku onse. Mwezi ukawala kwambiri nyali za asodzi sizikopa usipa, ndipo padoko pamakhala zochepa. Kuyambira mu Meyi mpaka mu Ogasiti kumawomba mphepo ya mwera yochokera kummwera chakummawa. Gombe la Chembe limayang'ana chakumpoto kumadzulo, motero limatetezeka ndi mapiri, koma kunja kwa zilumba mafunde amakula ndipo asodzi amatha masiku osapita kutali. Mu Novembala ndi Disembala boma limatseka usodzi wa makoka ena kuti chambo chiswane. Pa zifukwa zimenezi, m'katundu wa odziphikira musamasowe nyemba, mazira kapena soya. Ufa umapezeka m'mudzimo, koma banja lozolowera ufa wa pachigayo chakwawo lingonyamula. Miyezi ya mwera ndi imene munthu wa ku Thyolo amapezako bwino, pakuti usiku kumazizirira. Okutobala ndi Novembala ndi miyezi yotentha koopsa, ndipo nyumba yopanda fani pa nthawi imeneyo ndi yosagonamo.

Mudzi wa Chembe wazunguliridwa ndi Lake Malawi National Park, imene inakhazikitsidwa mu 1980 ndipo bungwe la UNESCO linaiika pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse mu 1984, makamaka chifukwa cha mbuna, tinsomba ta mawanga owala tokhala m'miyala. Madzi a mamita 100 kuchokera kugombe la pakiyo ndi la zilumba zake, monga Thumbi, Domwe ndi Mumbo, ndi oletsedwa kuwedzamo, ndipo mlendo sayenera kutola nkhuni m'nkhalangoyo. Polowa kumbali ya Otter Point pamalipidwa ndalama, ndipo Amalawi amalipira zochepa kuposa alendo a kunja, choncho chiphaso cha unzika chisaiwalike. Chakomweko kuli manda a amishoni a Livingstonia, amene anafika mu 1875 pamodzi ndi Dr Robert Laws, n'kusamukira ku Bandawe mu 1881 malungo atawatha mphamvu. Dzina la Cape Maclear anapereka ndi David Livingstone pokumbukira mnzake Thomas Maclear, katswiri wa nyenyezi wa ku Cape Town. Opita ku Thumbi pa boti kukaona mbuna ndi nkhwazi agwirizane mtengo asanakwere, ndipo asalole kunyamuka popanda majekete oyandamitsa okwanira aliyense, ana omwe.

Nyumba yodziphikira imaika mlendo pakati pa anthu, osati kuseri kwa mpanda wa hotela. Gombe limene iye akusambira ndi lomwe amayi amachapira ndi kutsukira mbale, ndi lomwe asodzi amasokerapo maukonde. Zovala zosambira zimathera pamchenga wa panyumbayo. Polowa m'mudzi kapena kumsika amayi amamanga chitenje ndipo abambo amavala malaya. Kujambula munthu kapena nsomba zake kumayamba ndi moni ndi kupempha. Malo ambiri ali ndi mlonda ndi wosamalira nyumba, ndipo wosamalirayo amadziwa amene wabwera ndi kampango m'mawa umenewo. Akapemphedwa kuphika kapena kuchapa, malipiro ake ndi apadera ndipo akambidwe poyamba. Zakudya zisasiyidwe pakhonde m'nyumba zoyandikana ndi phiri, chifukwa anyani ndi apusi salephera kuzipeza.

Malungo amene anasamutsa amishoni akadalipo, ndipo kugona m'neti n'kofunika usiku uliwonse. M'madzi a m'mbali mwa mudzi muli likodzo, lofalitsidwa ndi nkhono, ndipo limalowa pakhungu la wosambira kapena wongoviika miyendo. Madzi akumwa akhale a m'botolo, owiritsa kapena othira mankhwala. M'mudzimo muli chipatala chaching'ono cha Billy Riordan, pa Monkey Bay pali chipatala chokulirapo, ndipo matenda aakulu amatumizidwa ku Mangochi. Amene amamwa mankhwala a tsiku ndi tsiku, monga a shuga kapena a kuthamanga kwa magazi, anyamule okwanira ulendo wonse.

Pobwerera, kunyamuka kukhalenso kwa m'mamawa, ziwiya zitawerengedwa pamodzi ndi wosamalira nyumba. Usipa wouma, wofutsa ndi nsomba zowamba zimayenda bwino m'katoni kapena m'dengu lopita mphepo, osati m'jumbo yomanga pakamwa. Nsomba zaziwisi zimafuna ayisi watsopano pa Mangochi kuti zifike ku Thyolo zisanaonongeke. Aliyense amene watentha thupi m'masabata otsatira akayezetse malungo mosachedwa n'kuuza achipatala kuti anali kunyanja, ndipo onse amene analowa m'madzi akafunse kuchipatala za mankhwala a likodzo a praziquantel, amene amamwedwa patapita masabata 6 mpaka 8 chichokereni kunyanjako.