Kodi zakudya za m'mapaketi zolembedwa "low carb" zingathandize wofuna kuchepetsa thupi?

FUNSO

A dokotala, ndine mayi wa zaka 43, ndimakhala ku Kapata ndipo ntchito yanga ndi yokhala pampando tsiku lonse. Kuchipatala anandiyeza napeza kuti ndikulemera makilogalamu 92, BP nayo yayamba kukwera. Anandilangiza kuti ndichepetse thupi podya zakudya zachilengedwe, zosadutsa kwambiri m'mafakitale. Tsono alamu anga a ku Johannesburg anditumizira mabisiketi, buledi ndi tichokoleti tolembedwa "low carb" ndi "keto", akuti iwo anatsika nazo thupi. M'sitolo ina m'tauni ndaonamonso zonga zomwezo, koma mtengo wake ndi woboola m'thumba. Kodi zimenezi zikugwirizana ndi malangizo a kuchipatala aja? Nanga nsima ndiisiyiretu?

Mayi wa ku Kapata, Chipata

YANKHO

Mawu akuti "low carb" ndi mawu akuti chakudya chachilengedwe sayeza chinthu chimodzi. Oyambawo amanena za kuchepa kwa sitachi ndi shuga m'chakudya. Achiwiriwo amanena za mmene chakudyacho chasinthidwira chichokereni m'munda, m'khola kapena m'madzi. Dzira lowiritsa lili m'magulu onse awiri. Kandolo wowotcha ndi wachilengedwe, koma ali ndi sitachi wambiri. Bisiketi ya "keto" ili ndi sitachi wochepa, koma inapangidwa posakaniza zinthu khumi kapena kuposerapo zimene zinayengedwa kale pazokha. Choncho paketi ikhoza kunena zoona kuti ndi "low carb" n'kukhalabe yosemphana ndi malangizo amene mayiwa analandira, ndipo mapaketi ambiri a mabisiketi, buledi ndi chokoleti ndi otero.

Maganizo ochepetsa sitachi si atsopano. Mu 1863 munthu wina wa ku London wogwira ntchito yokonza maliro, William Banting, anasindikiza kabuku kofotokoza mmene anatsikira thupi atasiya buledi, shuga, mowa ndi mbatatesi. Mu 1972 dokotala wa ku America, Robert Atkins, anatchukitsanso njirayi. Ku South Africa inafala kwambiri kuyambira 2013, pamene Tim Noakes wa ku Cape Town ndi anzake anatulutsa buku lotchedwa The Real Meal Revolution, ndipo n'chifukwa chake katundu wambiri wochokera kumeneko amalembedwa "Banting". Chimene anthu amaiwala n'chakuti njirazi poyamba zinkanena za nyama, nsomba, mazira ndi masamba, zophikidwa pakhomo. Mapaketi anabwera pambuyo, amalonda ataona kuti anthu osiya buledi akulilakalakabe.

Bisiketi imaima ndi ufa wa tirigu ndi shuga. Ziwirizi zikachotsedwa, wopanga ayenera kuikamo zina kuti igwirane ndi kukoma. Kawirikawiri amaikamo ufa wa mtedza wa almond kapena wa kokonati, mafuta ambiri, mapuloteni oyengedwa kuchokera ku mkaka, soya kapena tirigu, ndi zotsekemeretsa zolowa m'malo mwa shuga. Apa ndi pamene pagona nkhani. Galamu imodzi ya sitachi imapatsa thupi makalori 4, ya mapuloteni 4, koma ya mafuta 9. Ufa wa chimanga wa magalamu 100 uli ndi makalori pafupifupi 360, pamene ufa wa almond wolemera chimodzimodzi uli ndi pafupifupi 600. Ndiye kuti bisiketi yopanda shuga ikhoza kukhala ndi makalori ofanana ndi ya shuga, nthawi zina kuiposa. Thupi limatsika pamene mphamvu zolowa zachepa poyerekeza ndi zimene likugwiritsa ntchito, ndipo silimawerenga zolembedwa kunja kwa paketi.

Pali akafukufuku awiri othandiza pa funsoli. Mu 2018 Christopher Gardner ndi anzake a pa yunivesite ya Stanford anafalitsa zotsatira za anthu 609 amene anawatsata kwa miyezi 12. Theka anauzidwa kuchepetsa mafuta, theka linalo kuchepetsa sitachi. Magulu onse analangizidwa kudya masamba ambiri, kuphika okha, ndi kupewa shuga woonjezera ndi ufa woyengedwa. Ochepetsa mafuta anatsika pafupifupi makilogalamu 5.3, ochepetsa sitachi pafupifupi 6, kusiyana kochepa moti ofufuzawo sanakuwerengere. Chaka chotsatira, 2019, Kevin Hall wa ku National Institutes of Health ku America anagoneka anthu 20 m'chipatala cha kafukufuku kwa mwezi wathunthu. Masabata awiri ankawapatsa makamaka zakudya za m'fakitale, masabata awiri enawo zachilengedwe, ndipo mitundu iwiriyi inalinganizidwa kuti ifanane pa shuga, mafuta ndi zina. Aliyense ankadya mmene wafunira. Pa zakudya za m'fakitale anthuwo ankadya makalori pafupifupi 500 oonjezera tsiku lililonse, ndipo ananenepa pafupifupi kilogalamu imodzi. Pa zachilengedwe anatsika ndi mlingo womwewo. Anthu 20 ndi ochepa, koma zotsatirazi zikugwirizana ndi chimene aliyense amadziwa: chimanga chowotcha chimatopetsa nsagwada munthu n'kusiya, pamene paketi ya mabisiketi imatha munthu akucheza.

Wofuna kudziwa chimene chili m'paketi ayambe kuwerenga kuseri kwake. Zosakaniza zimalembedwa motsatana, kuyambira chochuluka kwambiri mpaka chochepetsetsa. Mndandanda ukakhala wautali, wodzaza ndi mayina amene sapezeka m'khitchini ya munthu, chakudyacho ndi cha gulu limene katswiri wa ku Brazil, Carlos Monteiro, analitchula mu 2009 kuti zakudya zoyengedwa mopitirira. Chachiwiri ndi mlingo. Manambala okopa maso amakhala a kagawo kakang'ono, mwina mabisiketi awiri okha, choncho ndi bwino kuyang'ana mzere wa magalamu 100 kuti mapaketi awiri afananizidwe moyenera. Mapaketi a ku South Africa amalemba mphamvu mu kJ. Nambalayo ikagawidwa ndi 4.2 imapereka makalori.

Mawu akuti "net carbs" ndi ofunika kuwachenjerera. Ndi masamu a opanga katundu: amatenga sitachi ndi shuga yense n'kuchotsapo gawo la zakudya losagayika m'mimba, lofanana ndi gaga wa chimanga, n'kuchotsanso zotsekemeretsa za mtundu wa maltitol, sorbitol ndi erythritol. Vuto n'lakuti zimenezi sizifanana. Erythritol sakweza shuga wa m'magazi kwenikweni, koma maltitol, amene amapezeka m'chokoleti chambiri chopanda shuga, amalowa m'thupi pang'ono, amakweza shuga ndithu ngakhale mochepera shuga wamba, ndipo ali ndi makalori opitirira theka la a shuga. Wodya wambiri amatupa m'mimba, kutulutsa mpweya kapena kutsegula kumene, ndipo mapaketi ena amalemba chenjezo limeneli m'zilembo zing'onozing'ono. Za zotsekemeretsa zina monga aspartame, sucralose ndi stevia, bungwe la World Health Organization linalangiza mu 2023 kuti zisagwiritsidwe ntchito ngati njira yochepetsera thupi, popeza phindu lake la nthawi yaitali silinaoneke.

Si paketi iliyonse imene ili yokayikitsa. Pulasitiki kapena chitini ndi chosungiramo chabe. Nshawa zokazinga zopanda zina zoonjezera ndi chakudya chachilengedwe, zikhale m'lichero kapena m'paketi. Chimodzimodzi kapenta wouma, nsomba za m'chitini, mkaka wowawasa wopanda shuga, ndi chiponde chimene zosakaniza zake ndi nshawa ndi kamchere basi. Chipata ili ndi mwayi pa nshawa: chigawo cha kum'mawa ndicho chimalima nshawa zambiri m'dziko muno, siteshoni ya kafukufuku ya Msekera yakhala ikutulutsa mbewu zake, ndipo kampani ya COMACO imapanga chiponde m'tauni mommuno. Nshawa zili ndi sitachi wochepa, mapuloteni ambiri ndi mafuta abwino ku mtima, zonse zimene anthu amazifuna mu almond wodula wakunja. Koma nazonso zili ndi makalori opitirira 550 pa magalamu 100, ndiye mlingo wake ndi dzanja limodzi patsiku, osati mbale. Zachuku ndi zonyala zitayidwe, chifukwa chuku chimabala poizoni wa aflatoxin amene amaononga chiwindi.

Soya pieces ali pakatikati. Ndi wa m'fakitale, koma kwenikweni ndi ufa wa soya wochotsedwa mafuta, wotsika mtengo ndiponso womanga thupi. Cholakwika chimakhala kasacheti ka zokometsera kamene kamadzaza mchere. Wa BP akasiye n'kuphika ndi tomato ndi anyezi. Poloni ndi masoseji, ngakhale alibe sitachi wambiri, sayenera munthu ngati mayiwa. Ali ndi mchere wochuluka, pamene mlingo woyenera wa mchere wonse patsiku ndi wosafika magalamu 5, kasupuni kamodzi ka tiyi. Komanso mu 2015 bungwe lofufuza za khansa la World Health Organization linaika nyama zokonzedwa motere m'gulu la zinthu zoyambitsa khansa ya m'matumbo.

Nsima safunika kuisiyiratu. Njira yoletsa nsima kotheratu imalephera pa nyumba yodyera pamodzi, ndipo imalepheranso pamaliro, paukwati ndi pamene munthu wapita kumudzi kwa apongozi, kumene kukana nsima ndi nkhani ina. Chofunika kusintha ndi kukula kwa mtanda ndi kuchuluka kwa ndiwo. Pa mbale yozolowereka nsima imadzaza, ndiwo n'kukhala kadontho kongoyendetsera mbamu pakhosi. Wofuna kutsika atembenuze: theka la mbale likhale masamba, gawo limodzi mwa magawo anayi likhale nyemba, nsomba, mazira, nkhuku kapena nyama, ndipo gawo lotsalalo likhale mtanda umodzi wa nsima wofanana ndi chibakera chake. Ufa nawo uli ndi kusiyana. Wa "breakfast" ndi woyengedwa kwambiri, wochotsedwa gaga ndi mtima wa chimanga. Wa "roller" wasungako, ndipo mgaiwa wa kuchigayo wasunga zonse. Makalori ake sasiyana kwambiri, koma mgaiwa umakhalitsa m'mimba ndipo uli ndi mavitamini ndi michere imene ufa woyera unataya. Ufa wa mapira kapena mawere ungasakanizidwemo ngati ulipo.

Zodzazira theka la mbale lija sizisowa. Ku msika wa Kapata ndi ku Saturday Market kumapezeka chiwawa, bonongwe, kholowa, therere, repu, kabichi ndi tomato, dzinja likafika bowa n'kuonjezereka. Miyezi yotentha, masamba akamadula, mfutso wa khwanya kapena wa chiwawa umagwira ntchito yomweyo. Zonsezi ndi za sitachi wochepa, ngakhale palibe amene anamatapo chikwangwani. N'chimodzimodzi mazira, kapenta, kotapela, inswa, vinkubala, ngakhale mbewa zimene anthu a kum'mawa amanyozedwa nazo ndi achibale awo a kumpoto. Masamba otendera ndi nsinjiro safuna mafuta ena pamwamba.

Makalori ambiri obisika ali m'mafuta ophikira ndi m'zakumwa. Supuni imodzi yaikulu ya mafuta ophikira ili ndi makalori pafupifupi 120, ndipo wothira kuchokera m'botolo mosayeza amadutsa masupuni atatu osadziwa. Botolo la chakumwa chozizira la mamililita 500 likhoza kukhala ndi shuga wokwana magalamu 50, pafupifupi timasupuni 12, umene ndi mlingo wonse wa tsiku kwa munthu wamkulu. Maheu a m'botolo, tiyi wa masupuni atatu a shuga, mabanzi ndi vitumbuwa vya pa teni koloko zimaonjezera pamenepo. Munthu wongosiya zimenezi wachepetsa kale sitachi ndi shuga kuposa mmene paketi ya ku Johannesburg ikanamuthandizira, ndipo ndalama zatsala m'chikwama.

Kutsika msanga kumene alamuwo anaona kuli ndi chifukwa chake. Thupi limasunga shuga m'chiwindi ndi m'minofu pamodzi ndi madzi, pafupifupi magalamu atatu a madzi pa galamu iliyonse. Munthu akasiya sitachi mwadzidzidzi, nkhokwe imeneyi imatha ndipo madziwo amatuluka ndi mkodzo, sikelo n'kutsika kilogalamu imodzi kapena awiri m'sabata yoyamba. Amenewo ndi madzi, ndipo amabwerera nsima ikabwerera. Mafuta enieni amachoka pang'onopang'ono, theka la kilogalamu kapena kilogalamu imodzi pa sabata. Kwa wolemera makilogalamu 92, kutsika ndi 5 mpaka 9 m'miyezi isanu ndi umodzi n'kokwanira kutsitsako BP ndi shuga. Chingwe choyezera m'chiuno chimanenanso zambiri: kwa mayi, kupitirira masentimita 88 ndi chizindikiro cha mafuta ochuluka a m'mimba. Kuyenda mofulumira mphindi 30 patsiku, masiku asanu pa sabata, kumathandiza kuti thupi lotsikalo lisabwerere. Ulendo wochoka ku Kapata kupita m'tauni ungayendedwe pansi m'malo mokwera njinga ya kabaza.

Pali anthu amene sayenera kuchepetsa sitachi kwambiri asanaonane ndi achipatala. Wodwala shuga amene akubaya insulin kapena kumwa glibenclamide akhoza kutsika shuga mpaka kukomoka ngati wachepetsa nsima koma mankhwala ali pa mlingo wakale. Wakumwa mankhwala a BP apitirize kuyezetsa, chifukwa thupi likatsika mlingo wa mankhwala ungafunike kusinthidwa, ndipo wosintha ndi dokotala. Wodwala impso asachulukitse nyama ndi mapuloteni. Mayi woyembekezera kapena woyamwitsa asayambe kadyedwe ka "keto" kochepetsa sitachi kwambiri. Ena amanenepa atayamba ma ARV okhala ndi dolutegravir; amenewo akambirane ndi achipatala za kadyedwe, mankhwalawo osawasiya. Ku Chipata Central Hospital kuli akatswiri a kadyedwe amene angalinganize mlingo wa chakudya ndi mankhwala amene munthu akumwa, ndipo popita kumeneko ndi bwino kunyamula mapaketi a alamu aja kuti zolembedwa kuseri kwake akaziwerengere limodzi.